Mlandu wa Amalume Anu a Phiri

Chisomo, Tiyamike ndi iwe Madalitso, kangapo konse mwandifunsa chifukwa chimene ndinapumira ntchito ndili kopolo, pamene ena amene tinalowa nawo usilikali pamodzi anakwera mpaka kumalamula magulu. Mayi anu akadali moyo ankandiyankhira. Ankati, "Bambo anu ankakonda chiwongolero kuposa nyota za paphewa." Yankholo silinali bodza, koma silinali lonse. Tsopano mayi anu anatsogola, ine maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe ndekha manja asanayambe kunjenjemera. Ena amene ndiwatchule muno akadali moyo. Mukakumana nawo muziwapatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Kuyendetsa ndinaphunzirira pa thirakitala ya pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi kwathu kwa Lukwa, kumene ndinkatuta nkhuni zowotchera fodya. Nditamva kuti ku usilikali akufuna anyamata odziwa galimoto, ndinapita osatsanzika ngakhale amalume anga. Titamaliza maphunziro anandiika ku gawo la magalimoto, pansi pa Sajeni Kamwendo, bambo wamfupi wa mawu ochepa amene ankamvetsera injini ndi kamtengo, mbali imodzi pa chitsulo, ina pakhutu. Masiku amenewo zipangizo zinkavuta kwambiri. Lole imodzi ikafa tinkaikhazika pamiyala n'kumaisenda pang'onopang'ono, lero tayala, mawa batire, mpaka itatsala mafupa okhaokha, kuti zinzake ziziyenda. Sajeni ankati, "Lole siifa, imangosamukira mwa inzake." Iwo omwewo anandiphunzitsa lamulo limene dalaivala aliyense wa usilikali ankalidziwa, lakuti dalaivala amaona msewu basi. Zimene akuluakulu akukamba kumbuyo kwako, amene wamunyamula, kumene wamutsitsa, zonsezo zimatsala m'galimoto ukamatseka chitseko. Lamuloli ndinalisunga zaka zambiri, nalonso linandisunga.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Laisoni Phiri, amene inu mumati amalume a Phiri a ku Chamama. Mwina simudziwa kuti ubale wamagazi palibe. Tinadziwana pamzere wolandirira chakudya. Anandimva ndikulankhula, n'kutembenuka amvekere, "Iwe, lilime limeneli ndi la kwa Lukwa. Fodya wasiyira ndani?" Anali msilikali wa mfuti, wamtali, wosatha kukhala chete ngakhale pa perete. Ine wofatsa, iwo olongolola, anthu ankadabwa kuti timakamba chiyani. Zoona zake n'zoti ankakamba ndi iwo, ine ndinkangomvetsera. Nditakwatira mayi anu, atamva kuti ndi NaPhiri, anafika pakhomo akukuwa, "Watenga mlongo wanga osandiuza! Nkhuku yanga ili kuti?" Mayi anu anapha nkhukuyo tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo ine ndinakhala alamu awo, iwo achimwene a mayi anu, ndipo palibe anafunsanso za magazi.

Chaka chimene Chisomo anabadwa

Anandichotsa pa malole n'kundipatsa galimoto yaing'ono yoyendetsa Kaputeni Sakala. Iwowa anali a gawo lofufuza zachinsinsi, amene asilikali tinkangowatcha kuti a makutu. Nthawi zambiri sankavala yunifolomu, ndipo akalowa pamalo anthu ankasintha nkhani. Koma ine ndiyenera kunena zimene ndinaona. Sanandilalatirepo. Akagula chimanga chowotcha panjira ankagula ziwiri. Lamulungu ankayesetsa kundimasula kuti ndikapemphere, ngakhale iwo kutchalitchi sankapondako. Ankati, "Ukatipempherereko, Mwale. Enafe tikalowamo denga likhoza kugwa."

Nthawi ya mayi anu itakwana kunali mvula yosakata, ndipo ambulansi ya pakampu inali pamiyala, yopanda matayala. Anamwino anati mwana wakhala mopingasa, pakufunika chipatala chachikulu. Ndinathamangira kwa kaputeni. Sanandifunse zambiri, anangovala chipewa n'kunena kuti, "Tiye." Pa kamlatho kena ka mitengo galimoto inatitimira. Kaputeni anatsika, anavula nsapato, n'kuyamba kukankha okha, matope mpaka m'ntchafu, ine ndili pa chiwongolero, mayi anu akubuula kumbuyo m'manja mwa anamwino. Tinafika. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono bwenzi titataya onse awiri. Mayi anu atapeza mphamvu anati dzina la mwana apereke ndi kaputeni. Kaputeni anaganiza kanthawi, ali chiimire pakhonde la chipatala ndi thalauza lawo la matope, n'kunena kuti, "Chisomo." Ndiye iwe Chisomo, dzina limene umasaina kuntchito kwakolo unapatsidwa ndi munthu ameneyu. Ndikufuna udziwe zimenezi usanawerenge zotsatirazi.

Chaka cha kutsidya kwa malire

Tiyamike akadali kubere, gulu lathu linatumizidwa kutsidya kwa malire, kudziko la anzathu kumene kunali nkhondo yapachiweniweni, kukalondera njira yodutsa katundu wa dziko lathu. Kumeneko chilichonse chinali chosowa. Madzi tinkatunga kutali, sopo tinkadulirana ndi ulusi, dizilo tinkayeza ndi kamtengo tisananyamuke, makalata ochokera kumudzi ankafika nkhani zake zitaola kale. Choopsa kwambiri chinali mabomba okwirira mumsewu. Dalaivala ankayenda maso ali pa dothi, kufufuza pamene pafukulidwa chatsopano. Sabata ina lole ya anzathu inaponda bomba, ndipo tinataya anyamata amene tinkadya nawo mbale imodzi. Mitembo yawo ndinanyamula ndine. Kampu yonse inadzaza mantha ndi mkwiyo.

Patapita masiku ochepa olondera anagwira munthu pafupi ndi kamlatho ali ndi khasu m'manja. Iye ankati amakumba mbewa. Akuluakulu ankati ndi kazitape wa zigawenga. Mpaka lero sindidziwa zoona zake. Anamutsekera m'kanyumba kakale kosungiramo thonje, ndipo mlonda wa masana anali a Phiri, amene panthawiyo anali ndi nyota imodzi.

Munthuyo dzina lake anali Zuze, ndipo ankalankhula Chichewa ngati ife. A Phiri, monga munthu woleredwa kwathu, sakanatha kukhala ndi munthu tsiku lathunthu osamufunsa mfunda wake. Ine ndinali pafupi, ndikuthira madzi m'galimoto. Anafunsa kuti, "Kodi inu ndinu a ndani?" Zuze anayankha chapansipansi kuti ndi Banda. A Phiri anatsamiritsa mfuti kukhoma n'kuwomba m'manja. "Ha! Kuyenda ulendo wonsewu kudzapeza kapolo wanga ali m'khola! Anakugwira ndani osandiuza mwini wake?" Inu okulira m'tauni mwina simuzidziwa bwino zimenezi. A Phiri ndi a Banda ndi pachisuwani kuyambira kalekale. Amakwatirana, amaikirana maliro, ndipo akakumana amanyozana mmene angathere, wina osakwiya. Ukamunyoza kwambiri ndiye kuti wamulandira. Zuze anayamba wachita mantha, kenaka nkhope yake inamasuka. Anati, "A Phiri anayamba liti kugwira mfuti? Kwathu timawatuma kukaweta mbuzi, nazonso amataya."

Kuyambira tsiku limenelo kampu inapeza wailesi. M'mawa uliwonse a Phiri akamatsegula chitseko ankakuwa kuti, "Dzuka iwe Banda, lero lokha ndikuthyola manja!" Zuze ankayankha ali m'kati, "Bwerani! Mukandithyola manja akulimirani ndani, alesi inu?" Anyamata ankabwera ndi makapu awo a tiyi kudzamvetsera, ndipo aka kanali koyamba kumva anthu akuseka chichitikire za bomba zija. Chimene ambiri sankaona n'choti a Phiri ankamugawira fodya wawo wa chingambwe, anamupatsa bulangete lawo lachiwiri, ndipo ankamutulutsa kuti awothere dzuwa. Zuze anali ndi mkazi ndi ana m'mudzi wina umene unawotchedwa, ndipo sankadziwa kumene anathawira. Izi anauza a Phiri okha.

Lamulungu lina m'mawa, tikukonzekera mapemphero pansi pa mtengo, kaputeni anandiitana. Kunali kutabwera anthu awiri ochokera kulikulu, ovala malaya wamba, amene mayina awo sindinawamve ndipo sindiwadziwa mpaka lero. Tinapita ku kanyumba kaja. Kaputeni anauza a Phiri kuti, "Tsegula, munthuyu tikufuna kucheza naye pang'ono. Iwe pita kumapemphero." A Phiri anatsegula n'kuika makiyi m'thumba. Zuze polowa m'galimoto anatembenuka akumwetulira. "Mwaona? A Banda timayenda pa galimoto, a Phiri wapansi."

Tinapita ku siteshoni ina yakale, kutali ndi kampu. Anandiuza kuti ndidikire pa galimoto. Zimene ndinamva sindizilemba, pakuti ndinu ana anga. Ndinapita pakhomo n'kunena kuti, "Bwana, munthuyu afa." Kaputeni anatuluka maso ali ofiira, anati, "Mwale, bwerera ku galimoto," n'kutseka chitseko. Ndinabwerera, ndinagwada kuseri kwa tayala n'kupemphera. Kenaka ndinapitanso kukanena kuti dzuwa lapendeka, ndipo lamulo linkaletsa kuyenda msewu umenewo madzulo. Zimenezo anamva. Zuze anatuluka atanyamulidwa.

Titabwerera kukampu anamugoneka m'kanyumba muja n'kungokankha chitseko, ndipo alendo aja ananyamuka tsiku lomwelo. A Phiri atatha mapemphero anali atatumidwa pamodzi ndi gulu lokatunga madzi. Pobwera anamupeza Zuze ali chigonere, dzanja lothyoka, nsagwada yosweka, magazi akutuluka m'khutu. Anamubereka kumsana n'kuthamangira naye kwa adokotala a pakampu, akulira mokweza ngati ali pamaliro. Yunifolomu yawo yonse inali magazi okhaokha.

Mwina nkhaniyi ikanakwiririka, koma sabata yomweyo kunafika alendo a bungwe lina loona za akaidi a pankhondo. Anamuona Zuze, anafunsa mafunso, ndipo kulikulu kunafunika dzina la munthu amene anamuvulaza. Kaputeni ananena kuti anamufunsa mafunso pang'ono n'kumubweza ali bwinobwino. Makiyi anali ndi a Phiri. Magazi anali pa malaya a a Phiri. Ndipo kampu yonse inali itawamva m'mawa uliwonse akulonjeza kuthyola manja a munthuyo. Zuze sankatha kulankhula chifukwa cha nsagwada, ndipo asanachire anamupereka kwa asilikali a dziko lakelo. A Phiri anawalanda mfuti ndi lamba n'kuwabweza kuno pansi pa mlonda, kudikira mlandu umene ukanawatengera kundende zaka zambiri ndi kuwachotsa ntchito chimanjamanja.

Tsiku lina tili awiriwiri m'galimoto, kaputeni anati, "Mwale, Kamwendo anakuphunzitsa bwino. Dalaivala amaona chiyani?" Ndinati, "Msewu, bwana." Kenaka anati, "Anyamata a m'lole aja unawanyamula ndiwe. Kulikulu ankafuna yankho, ndipo yankho silibwera ndi tiyi. Phiri akakhalako pang'ono ndidzaona mmene ndingamuthandizire. Kodi Chisomo akukula?" Sindikhulupirira kuti ankandiopseza. Ndikuganiza kuti ankangondikumbutsa, ndipo zimene ankandikumbutsazo zinali zoona.

Mwezi wa mlandu

Titabwerera kuno ndinapita kukawaona a Phiri kumene anawatsekera. Anali ataonda, koma pakamwa panali pomwepaja. "Alamu, mlongo wanga sanaphike, kapena mwadya nokha panjira?" Mlonda atasuntha anatsitsa mawu. "Ndikudziwa chimene chikukusowetsani tulo. Musalankhule. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukanena, kaputeni sagwa, mugwa ndinu, ndiye mlongo wanga ndi ana adya chiyani? Pakamwa pangapa ndi pamene pandigwetsa, ndisenza ndekha." Ndikutuluka anandifunsa ngati ndamvako za Banda uja. Ndinati ayi.

Mayi anu ndinali ndisanawauze, koma anaona kuti chakudya chikubwerera. Tsiku lina masana ali pakhonde akusenda mtedza anati, "Abambo a Chisomo, khalani apa. Chimene mwabwera nacho kuchokera kutsidyako chitulutseni, chikutidyera ndiwo." Ndinafotokoza zonse. Anapitiriza kusenda mtedza wawo. Kenaka anati, "A Sakala anandikankhira galimoto m'matope, ndipo sindidzaiwala mpaka kumanda. Koma kodi anakankha kuti tsiku lina achimwene anga akalowe m'ndende m'malo mwawo? Ngati ndi choncho, bwenzi atangondisiya pa kamlatho pomwepo." Ndinawakumbutsa za ntchito ndi nyumba. Anaseka. "Nyumba ino ndi ya boma, ngakhale msomali umodzi si wathu. Kwathu ku Njombwa kuli chigafa, tikagona pansi pa fodya. Chimene sindingathe ine ndi kugona pafupi ndi munthu amene sakugona." Atasenda pang'ono anawonjezera kuti, "Koma musakawadzidzimutse pabwalo ngati adani. Pitani kaye kunyumba kwawo mukawauze. Munthu ameneyo anatcha mwana wathu dzina."

Ndinapita Loweruka masana, nditavala yunifolomu. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinapereka sawatcha n'kunena kuti, "Bwana, akandifunsa ndikanena zimene ndinaona." Anapitiriza kuthirira mpaka kheni inatha. "Ukudziwa kuti sudzakweranso?" Ndinati ndikudziwa. "Nanga wabwereranji kudzandiuza? Ndikhoza kukutumiza kutali mawa lomwe, mlandu usanayambe." Ndinati, "Mukhoza, bwana. Koma mayi a Chisomo anati si bwino kuti mukamvere pabwalo." Anaika kheni pansi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Pita, Mwale." Sananditumize kulikonse. Mphamvu anali nazo, koma sanatero, ndipo chimenecho ndimawawerengera mpaka lero.

Pa bwalo panakhala akuluakulu atatu, wapakati anali meja wina wochokera kummwera. Anyamata anabwera mmodzimmodzi kuchitira umboni kuti anamva a Phiri akunena kuti athyola manja a mkaidi. Sananame, anamvadi. Mlembi anawerenga mawuwo mokweza, ndipo pamenepo ndinaona kuti nthabwala ikalembedwa papepala siseka. Meja anafunsa kuti, "Phiri, mawu amenewa unanena?" A Phiri anati, "Ndinanena, bwana. M'mawa uliwonse." "Chifukwa chiyani?" "Ndi Banda, bwana." Ena kumbuyo anapinda mitu, ndipo meja anagwira pakamwa, pakuti nakonso kwawo ali nawo anzawo onyozana nawo chomwecho. Aliyense m'chipindamo ankadziwa mwambowo, ndi kaputeni omwe, amene anakulira m'mudzi wa Achewa. Koma dzanja linali litathyokadi, ndipo kudziwa mwambo sikukanawapulumutsa a Phiri.

Ine anandiitana kuti ndingotsimikiza kuti tinamutenga mkaidi n'kumubweza. Ndinagwira Baibulo n'kulumbira. Ndinanena zonse, kuyambira pa kanyumba mpaka pa siteshoni. Meja anandifunsa kuti, "Unaona ndi maso ako kaputeni akumumenya?" Ndinati, "Ayi, bwana. Ndinaona munthu akulowa ndi miyendo yake, ndinamuona akutuluka atanyamulidwa. M'katimo munali anthu atatu. Amene anakweza dzanja sindimudziwa. Koma Phiri kumeneko kunalibe." Kaputeni anali atakhala pafupi ndi zenera. Sanatukule mutu, ndipo sananditsutse.

A Phiri anawapeza osalakwa pa mlandu womenya munthu, koma anawachotsa nyota yawo imodzi ija chifukwa chozolowerana ndi mkaidi. Kaputeni anawasamutsira ku ofesi ina. Anthu awiri aja sanaitanidwe, ankati mayina awo satchulidwa pabwalo. Titatuluka panja a Phiri anandikumbatira n'kunena kuti, "Alamu, mwandipweteka. Ndinali nditakonzeka kukapuma kundende, tsopano mwandibwezera pa perete." Maso awo anali odzaza misozi.

Zaka za thanki ya madzi

Mwezi wotsatira anandilanda galimoto yaing'ono ija n'kundipatsa thanki yotungira madzi ku kampu ina ya kumapiri, kumene ngakhale basi sinkafika. Mayina a okwezedwa ankabwera chaka ndi chaka, langa osaoneka. Palibe anandiuza chifukwa, inenso sindinafunse. Musandimvere chisoni, ana anga. Munthu wobweretsa madzi amakondedwa kulikonse. Amayi a m'midzi ya m'njira ankandiimitsa ndi zidebe, ine n'kumatsegula mpopi pang'ono, iwo n'kumaponya maungu ndi nthochi m'galimoto. Mayi anu analima dimba pamene ndinkatsukira thanki, ndipo tomato wawo ankagulidwa ndi akazi a mabwana omwe. Iwe Madalitso unabadwira kumeneko, ndipo ulendo umenewo mayi ako anapita kuchipatala atakhala kutsogolo kwa thanki, akundilangiza kuti ndisathamange. Mpingo wa kumeneko ndi umene unandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Zinali zaka zabwino. Nditapuma tinabwerera kuno, tinalima fodya wathu, ndipo a Phiri, amene anapuma ine ndisanapume, ndi amene anatimangira chigafa choyamba, akudandaula tsiku lonse kuti mitengo yanga ndi yokhota ngati mwini wake.

Chaka chatha

Ndinapita kuchipatala cha paboma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Pa benchi panali bambo wina wokalamba, wa jekete labwino koma lomukulira, ndodo ili m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwale." Anali a Sakala. Anapuma ali ndi udindo waukulu, ndipo tsopano amakhala kwa mwana wawo wamkazi amene amaphunzitsa paboma pomwepo. Anafunsa za Chisomo. Nditawauza kuti mayi anu anatisiya, anavula chipewa. Mzere unali wautali, ndiye tinakhala.

Anayamba okha. "Mwale, ine munthu uja sindinamukhudze. Ndinangoima pakhomo." Ndinati, "Ndikukumbukira, bwana. Chitseko munanditsekera ndinu." Anagwedeza mutu. "Awiri aja anamwalira. Amene anawatuma anaikidwa ndi mfuti zolira ndi mbendera pabokosi. Ine ndatsala ndekha. Tandiuza, iwe munthu wa Mulungu, mlanduwo unali wa ndani?" Ndinati, "Sindine woweruza, bwana. Ine chimene ndinkadziwa n'choti sunali wa Phiri." Kenaka anamwino anaitana dzina lawo. Poimirira a Sakala anafunsa ngati a Phiri akadali moyo, ndipo ngati ndingawaperekeze.

Tinapita sabata yotsatira. Mwana wawo ndiye ankayendetsa, ine anandikhazika kumbuyo, malo amene sindinawazolowere. Tinawapeza a Phiri m'chigafa akusoka fodya ndi akazi awo. Atazindikira mlendoyo anaimirira, anapukuta manja pa thalauza, n'kubweretsa mpando. Ndinadikira nthabwala, koma sinabwere. A Sakala anakana mpandowo. Anaima atatsamira ndodo n'kunena kuti, "Phiri, ndinakusenzetsa katundu amene sanali wako, ndipo ndinkadziwa. Ndabwera kudzapepesa."

A Phiri anayang'ana pansi. "Bwana, ine ndinataya nyota imodzi, ndipo sinkandikhala n'komwe. Zimenezo ndinaiwala kalekale. Alamu angawa ndi amene anatunga madzi mpaka imvi, koma iwowa sadziwa kukwiya, n'kungotaya nawo nthawi. Ine ndili ndi funso limodzi lokha limene ndakhala nalo zaka zonsezi. Banda uja munamupereka kuti?" A Sakala anati anamukweza lole ya asilikali a dzikolo, ndipo kumene inapita sanafunse. "Anachira?" Anati sakudziwa. "Ana ake anawapeza?"

A Phiri anatola tsamba la fodya limene linagwa pansi, analiwongola pa bondo, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndiye mwasochera khomo, bwana. Wopepesedwa ndi kapolo wanga uja. Ine sindingamulandirire, sanandisiyire mawu." M'chigafamo mphepo inkagwedeza masamba pamwamba pathu. A Sakala analira, ndipo palibe anawaletsa. Patapita nthawi a Phiri anatembenukira kwa akazi awo. "Anabanda, gwirani tambala wofiira uja. Alendo achokera kutali, ndipo akumwa mankhwala, sangabwerere ndi njala." Kenaka anakankhiranso mpando uja pafupi ndi a Sakala, ndipo ulendo uno anakhala.